Wophunzira akamathawa buku: zoyenera kuchita m'makalasi a ana obwerera ku maphunziro

Mu Blantyre muli malo ambiri ophunzitsira ana ndi achinyamata amene sukulu ya masiku onse inawakanika. Alipo makalasi a CBE (Complementary Basic Education) a omwe anasiyira sukulu panjira, malo olandirira ana ogona m'makhonde a sitolo ku Limbe ndi m'tauni, sukulu yosinthira khalidwe la anyamata ku Mpemba, ndiponso timakalasi ta masana m'matchalitchi ndi m'mizikiti ku Ndirande, Bangwe, Mbayani ndi Chilobwe. Ku England malo otere amawatcha alternative provision. Kwathu kuno alibe dzina limodzi, koma aliyense wophunzitsamo amadziwa zimene zimachitika buku likangotuluka m'katoni. Wina apempha kukataya madzi, wina aputa mnzake dala kuti atulutsidwe, wina agoneka mutu pa desiki ati ukumuwawa.

Ambiri mwa ana amenewa nkhani amazikonda. Chimene akuthawa ndi kuyaluka. Mnyamata wa zaka 15 amene amadzipezera yekha chakudya ponyamula katundu pa Wenela angalolere kutchedwa wamwano kusiyana ndi kupezeka akudodoma pa mawu amene mwana wa Sitandade 2 amawerenga mosavuta. Choncho ntchito ya mphunzitsi ili pawiri: kuchulukitsa mphindi zimene maso a wophunzira ali pa malembo, ndi kuonetsetsa kuti m'mphindi zimenezo palibe womuseka. Mukasamala chimodzi chokha, chinacho chimagwetsa zonse.

Yambani mwadziwa chimene chikumuvuta

Okana kuwerenga ali mitundu itatu, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Woyamba sadziwa kuphatikiza malembo, ngakhale anafika Sitandade 4 kapena 5 pongotsatira gulu m'kalasi lodzaza. Wachiwiri amaphatikiza, koma mochedwa kwambiri, moti akamafika kumapeto kwa chiganizo waiwala kale chiyambi chake. Wachitatu amawerenga bwino ndithu, kungoti sanapatsidwepo choti n'kumusangalatsa. Onse atatu amakankha buku mofanana. Mukapatsa woyamba nkhani zokoma, sizimuthandiza chifukwa sangazitsegule. Mukabwereza ma me mi mo mu ndi wachitatu, mawa simumuonanso.

Kuti muwasiyanitse, konzani khadi limodzi la katoni lalikulu ngati pepala la A4. Kumaso kwake lembani malembo 10, maphatikizo 10 ndi mawu 10 odziwika. Kuseri kwake lembani ndime ya ziganizo zinayi zazifupi, ndi nkhani ya mawu pafupifupi 60. Itanani wophunzira mmodzimmodzi pamalo poti anzake sakumva, ngakhale pansi pa mtengo. Khalani naye mogundana mapewa, osati moyang'anizana ngati pa polisi, ndipo mawu oti mayeso asatuluke pakamwa panu. Mungonena kuti: "Ndikufuna ndidziwe buku loti ndikupatse, tandiwerengera apa." Yambirani pa ndime ija. Akaitha, mupatseni nkhani. Akaikanika, tsikirani ku mawu, kenako maphatikizo, kenako malembo. Akalakwitsa kanayi motsatizana, musamukakamize kupitiriza. Mutsitsireni pamene angathe, kuti achoke pamenepo atawerengako kanthu molondola. Zonsezi zisapitirire mphindi 7.

Musanamulole kupita, muwerengereni inuyo kankhani kakafupi, n'kumufunsa mafunso atatu pakamwa. Akayankha bwino, mutu wake ukumva nkhani, vuto lili pa malembo basi. Akalephera, fufuzani zina. Mwina wangobwera kumene kuchokera ku Nsanje kapena ku Mangochi ndipo Chichewa cha m'mabuku sanachizolowere. Mwina khutu silikumva bwino. Mwina ndi njala.

Za maso musaziiwale. Lembani malembo pa bolodi, muimikeni wophunzira pa mtunda wa mamita 6, atseke diso limodzi kenako linalo. Amene amatsinzinira, kuyandikitsa pepala kumphuno, kapena kudandaula mutu nthawi zonse akangowerenga, apite naye kuchipatala chaching'ono chapafupi, komwe angamutumize ku chipatala cha maso ku Gulupu. Mwana wosaona bwino amaoneka ngati waulesi kwa zaka zambiri.

Mukamaliza, agaweni m'magulu potengera pamene afika. Njira yogawa ana motere inatchuka ndi bungwe la Pratham ku India, ndipo imathandiza chifukwa mphunzitsi amasiya kuphunzitsa ana apakati okha. Koma m'makalasi athu samalani msinkhu. Mtsikana wa zaka 16 amene ali ndi mwana kumbuyo musamuike pa mkeka umodzi ndi tiana ta zaka 9, ngakhale onse ali pa maphatikizo. Bola gulu lake likhale la anthu awiri okha. Magulu muwatche mayina a mapiri, Soche, Michiru, Ndirande, Mpingwe, osati manambala. Ana amadziwabe gulu lotsalira, sitinganamizane, koma chimene chimachotsa ululu n'chakuti pakatha milungu inayi iliyonse mumayesanso, ndipo anthu amasamukadi.

Lekani kuwerengetsa mozungulira kalasi

Chizolowezi choti aliyense aime awerenge chiganizo chake, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndicho chinathamangitsa ambiri mwa ana amenewa ku sukulu zawo zakale. Taonani masamu ake. M'kalasi la ana 25, pa mphindi 30, aliyense amawerenga pafupifupi mphindi imodzi yokha. Nthawi yotsalayo wamantha amakhala akuwerengetsera mizere kuti apeze chiganizo chimene chimugwere, ndipo nkhaniyo saimva n'komwe. Akadodoma, anzake amamulanda mawu pakamwa, wina n'kuseka chikhakhali kumbuyo. Lengezani tsiku loyamba kuti m'kalasi muno palibe amene adzaimitsidwe kuwerenga pagulu asanafune yekha, ndipo musunge lonjezo limenelo ngakhale kubwere alendo.

M'malo mwake, tsiku lililonse muziwawerengera inuyo mokweza kwa mphindi 10. Sankhani nkhani ya msinkhu wawo, yoposa imene angathe kuwerenga okha: ya kondakitala wonamiziridwa kuba, ya mtsikana wothawa ukwati wokakamizidwa, ya osewera mpira ochokera m'makwalala. Yesererani kunyumba kuti mawu a anthu a m'nkhanimo azimveka osiyana. Musaime pa ndime iliyonse kufunsa mafunso, kawiri n'kokwanira. Chinsinsi chili pa polekezera. Tsekani buku pamene zinthu zafika povuta, chitseko chikugogodedwa, n'kunena kuti mawa. Kenako bukulo lisiyeni poonekera. Tsiku limene mudzapeze wina akulisuzumira kuti adziwe amene anagogoda, musamuyamikire pagulu, mungamuthawitse. Ingodutsani ngati simunaone.

Kuwerenga kwa ophunzira eni ake kuzichitika awiriawiri, ndipo kuli ndi malamulo ake ofunika kuwaphunzitsa kwa masiku awiri musanayambe. Wodziwako akhale wa gulu loposa mnzake ndi sitepe imodzi yokha. Akatalikirana kwambiri, wodziwayo amatopa n'kuyamba kuwerenga yekha. Onse awiri amayamba kuwerenga limodzi motsitsa mawu, chala cha wophunzirayo chikuloza mawu, ndipo liwiro ndi lake. Akaona kuti atha yekha, amagogoda pa desiki, mnzake n'kukhala chete. Akakakamira pa mawu, mnzakeyo amawerenga chamumtima mpaka kanayi, kenako amatchula mawuwo, wophunzira n'kubwereza, ndipo amayambanso kuwerenga limodzi mpaka atagogodanso. Palibe kunena kuti "walakwa", palibe kuphunzitsana maphatikizo pakati pa nkhani. Chitani zimenezi mphindi 10 mpaka 15, kosachepera katatu pa mlungu, kwa milungu 6 mpaka 8 musanaweruze ngati zikuthandiza. Cholakwika chofala ndi kusadikira. Wothandiza amatchula mawu mnzake asanayese n'komwe, ndipo aphunzitsi nawonso matenda amenewa ali nawo. Anthu amene anamenyanapo kapena a magulu odana a m'misewu musawaphatikize, ndipo mtsikana asankhe yekha ngati akufuna kukhala ndi mnyamata.

Nanga awerenge chiyani?

Apa ndi pamene malo ambiri amagwira njakata. Mabuku a pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, ali ndi ndondomeko yabwino ya malembo, ndipo mphunzitsi aziwagwiritsa ntchito pokonzekera. Koma analembedwera ana aang'ono. Mnyamata wa ndevu zoyamba kumera akaona chikuto cholembedwa Sitandade 1, chokhala ndi chithunzi cha kamwana kakusewera ndi mphaka, nkhani yathera pomwepo. Nawonso makatoni a mabuku achingerezi ochokera kwa akufuna kwabwino kunja amakongoletsa shelefu, koma n'chikomekome cha mkuyu: nkhani za chipale chofewa, m'chinenero chimene mwanayo sanachidziwe. Zowerenga zambiri mudzazipanga nokha, ndipo njira zake ndi izi.

Yoyamba, imene imagwira ngakhale kwa wosadziwa chilembo chimodzi, ndi kulemba zimene wophunzira wanena. Mufunseni za chinthu chimene amachidziwa kuposa inu: mmene amaitanira minibasi ya ku Chirimba, mmene amakazingira tchipisi, mmene amasankhira kaunjika wabwino mumsika wa Limbe, mmene amamatira tayala la njinga. Iye azilankhula, inu muzilemba akuona, ziganizo zitatu mpaka zisanu. Lembani mawu ake enieni. Akanena kuti "bho", lembani "bho". Mukayamba kumukonzera Chichewa, nkhaniyo yasanduka yanu, ndipo mphamvu ya njirayi ili poti iye akudziwa kale zimene zalembedwazo. Muwerengereni mukuloza mawu, muwerenge limodzi kawiri, kenako ayese yekha. Mawa lake lembani chiganizo chimodzi pa kachidutswa ka katoni, mudule mawu paokhapaokha, muwasokoneze, iye awabwezeretse. Apa mpamene mumadziwa ngati akuwerenga kapena wangoloweza. Sankhani mawu awiri kapena atatu a m'nkhani yake kuti muwaphwanye m'maphatikizo. Nkhani 10 zotere zikakwana, zisokeni pamodzi, dzina lake pachikuto.

Chenjezo pa njirayi: funsani za luso lake, osati za mabala ake. Mutu woti "tsiku limene sindidzaliiwala" ndi woopsa m'kalasi momwe muli ana amene anataya abale awo pa namondwe wa Freddy mu March 2023 ku Chilobwe, kapena amene anathawa nkhanza kunyumba. Wina akayamba yekha kufotokoza zowawa, mvetserani, koma musazikhome pakhoma kapena kuziwerengera anzake iye asanalole. Akaulula kuti akuchitidwa nkhanza, imeneyo sinkhani ya phunziro la kuwerenga ayi. Dziwitsani wogwira ntchito yoteteza ana m'dera lanu kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo nambala ya foni yaulere yothandizira ana, 116, ilipo.

Yachiwiri ndi kufewetsa nkhani za m'nyuzipepala. Masamba a Chichewa monga Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News amakhala ndi nkhani za milandu, mpira ndi zochitika m'madera, zimene achinyamata amazikambirana kale. A gulu lapamwamba apatseni momwe zilili. A magulu apansi muwalembere mwatsopano: mawu 60 mpaka 100, chiganizo chilichonse cha mawu osapitirira 7, mfundo imodzi pa chiganizo. Mayina a anthu, malo ndi zigoli musasinthe, chifukwa ndizo zimapangitsa nkhaniyo kukhala yeniyeni. Mdani wamkulu m'Chichewa ndi aneni aatali. Mawu ngati "akanadzakuthandizani" ali ndi maphatikizo 9, ndipo wophunzira wongoyamba amatha mpweya asanafike pakati. Gawani ganizolo m'mawu aafupi, aataliwo muziwalowetsa pang'onopang'ono, amodzi kapena awiri pa nkhani, mutayamba mwawaphwanya pa bolodi. Lolemba lotsatira masewero a Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, nkhani ya mpirawo ikhale itakonzeka m'mawa. Tsiku limenelo ngakhale wokana kwambiri amafuna kuona ngati mwalemba zoona, ndipo akakutsutsani kuti chigoli chachiwiri sanamwetse ameneyo, mupatseni cholembera akonze. Musaganize kuti atsikana onse mpira sawufuna kapena kuti anyamata onse amawufuna. Funsani. Ena afuna netibo, ena nyimbo, ena nkhani za m'makhoti.

Kalembedwe kake kakhale kotere: malembo aang'ono osalumikiza, aatali pafupifupi sentimita imodzi kwa oyamba, mzere umodzi wopanda kanthu pakati pa mizere, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi pa tsamba. Mawu asaduke kumapeto kwa mzere. Musalembe nkhani yonse m'malembo aakulu poganiza kuti mukuthandiza, chifukwa mabuku onse amene adzakumane nawo ali m'malembo aang'ono. Mapepala awiri a A4 opindidwa pakati amatulutsa kabuku ka masamba 8, atatu amatulutsa 12. Sokani pamsana ndi ulusi wa thumba la ufa, chikuto chikhale cha katoni ya sopo, ndipo pachikutopo pakhale chithunzi chodula m'nyuzipepala, cha anthu akuluakulu. Gulu la bukulo mulisonyeze ndi kadontho ka utoto kuseri, osalemba sitandade.

Yachitatu ndi zolembedwa zimene amakumana nazo tsiku lililonse, zomwe kulephera kuziwerenga kumawadyetsa ndalama. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wotsimikiza kuti ndalama zalowa, risiti, zikwangwani za minibasi, malangizo a pa paketi ya mankhwala, khadi la kusikelo la mwana, chidziwitso cha ganyu chokhomedwa pa mtengo. Koperani uthenga wa foni pa pepala lalikulu mutasintha mayina ndi manambala, n'kufunsa kuti: ndalama zatumizidwa zingati, zatsala zingati, uthengawu ndi weniweni kapena ndi wa akamberembere? Kwa wa mtundu wachitatu uja, amene amatha koma saona phindu, khomo lolowera ndi limeneli. Amene ali ndi foni ndipo amalemba "zkm" kapena "mdzk bwnj" pa WhatsApp musawanyoze. Ameneyo wadziwa kale makonsonanti. Mupempheni abwezeretse malembo amene anameza, ndipo phunziro la mavawelo lachitika losamva kuwawa. Ku malo ngati ku Mpemba, kumene anyamata ali kutali ndi kwawo, kalata yopita kwa amayi kapena agogo, ndi yankho lake likabwera, zimawerengedwa kambirimbiri popanda wokakamiza.

Mabuku enieni akufunikabe. Lembetsani ku nthambi ya National Library Service ya mu Blantyre, ndipo pa intaneti, African Storybook ili ndi nkhani za m'Chichewa zololedwa kusindikiza mwaulere. Zambiri mwa izo ndi za ana aang'ono, choncho sankhani mosamala, ndipo muziwerenge kaye chifukwa zina zili m'Chinyanja cha ku Zambia. Kwa ophunzira 20, mitu 30 mpaka 40 ndi yokwanira ngati mwezi uliwonse mukusintha gawo limodzi mwa magawo atatu. Musawasanje ngati njerwa m'kabati yokiya. Mangani chingwe kukhoma, muwapachike chikuto chikuonekera. Za kubwereketsa kunyumba, vomerezani kuti ena adzanyowa, ena adzatayika, ena adzakulungira mandasi. Mukaika chindapusa, wotaya bukuyo amasiyiratu kubwera. Bwereketsani timabuku topanga nokha tija, m'jumbo nthawi ya dzinja, osindikizidwawo aziwerengedwa pamalo pomwepo.

Kudziwa ngati nkhani ikumukwana n'kosavuta. Pa mawu 60, akalakwitsa atatu kapena ocheperapo, awerenge yekha. Anayi mpaka asanu ndi amodzi, awerenge ndi mnzake. Kupitirira apo yamukulira, mumuwerengere inuyo. M'kati mwa malire amenewo asankhe yekha, pakati pa mabuku awiri kapena atatu. Mukamuuza kuti sankha lililonse pa chingwe chonse, amatenga lalikulu kwambiri pofuna kudzionetsa, n'kukhala nalo chotsegula osawerenga. Aloledwenso kusiya buku limene silikumukomera akawerengako masamba atatu.

Maphatikizo kwa munthu wamkulu

Chichewa chili ndi mwayi wakuti chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira, mavawelo ndi asanu okha, ndipo phatikizo lililonse limathera pa vawelo, kupatula m woima payekha wa m'mawu ngati "mtengo" ndi "mphunzitsi". Wachinyamata wobwera mokhazikika amadutsa msanga kusiyana ndi mwana wa zaka 6, bola muchotsemo nyimbo ndi kuwomba m'manja kwa ku mkaka. Tolani zitsekerero za mabotolo 100, mulembe phatikizo limodzi m'kati mwa chilichonse. Awiri apikisane kupanga mawu ambiri pa mphindi zitatu, akuzikankha pa desiki ngati nkhomo za bawo. Mawu opangidwawo awalembe m'kope.

Yambani ndi a chilembo chimodzi ndi vawelo, monga ma, ta, ka, la, na. Pitani ku mb, nd, ng, nj, nz. Kenako ph, th, kh ndi tch, kenako mph, nth, nkh, ntch, ndipo pomaliza a w ndi y monga mbw, nkhw, dy ndi ny. Musadutse maphatikizo atsopano awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo tsiku lomwelo akumane nawo m'chiganizo chenicheni.

Pali malo odziwika pamene amagwa. Kusiyanitsa p ndi ph, k ndi kh, t ndi th: gwiritsani mawu oyandikana monga pala ndi phala, kola ndi khola, tamanda ndi thamanga, ndipo agwire kapepala kutsogolo kwa milomo. Pa phala kamagwedezeka, pa pala ayi. Kachizindikiro ka pa ng' ambiri sakaona n'komwe, ndiye ikani ng'ombe pambali pa ngongole, ng'oma pambali pa ngolo, mukalembe ndi choko cha mtundu wina. Mu Blantyre ambiri amanena "siku" ndi "zina" m'malo mwa tsiku ndi dzina. Musanene kuti amalankhula molakwika, ingowauzani kuti m'buku amalemba chotere. Za l ndi r powerenga musataye nazo nthawi, tanthauzo silisintha. Wosokoneza b ndi d mupatseni mawu amodzi oti azikumbukira pa chilembo chilichonse, monga buku ndi desiki, atalembedwa pakona pa kope lake, ndipo musaphunzitse zilembo ziwirizi mlungu umodzi. Amene pakatha miyezi itatu akubwera mokhazikika, maso ndi makutu zili bwino, koma maphatikizo a dzulo lero kulibe, afunika kuonedwa ndi mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera. Funsani mlangizi wa sukulu za pulaimale ku TDC (Teacher Development Centre, malo osulira aphunzitsi) ya dera lanu kuti akulozereni.

Kagawidwe ka nthawi

Phunziro la mphindi 45 lingayende motere: mphindi 10 mphunzitsi akuwerenga, 10 za maphatikizo kapena kuphwanya mawu aatali, 15 za kuwerenga awiriawiri kapena payekha, 5 zokambirana, 5 zolemba. Ngati pamalopo pamaphikidwa phala, kuwerenga kubwere atamwa. Mphindi 15 zija musayambe nazo zonse. Mlungu woyamba zikhale zisanu, muziwonjezera ziwiri kapena zitatu mlungu uliwonse, ndipo muziimitsa asanatope. Pa nthawi imeneyi mphunzitsi asamachonge makope. Azizungulira, kukhala pansi pafupi ndi awiri, kumvetsera mphindi ziwiri, kupita pena.

Pokambirana pewani mafunso a mayeso. "Kondakitala uja dzina lake ndani?" ndi funso lofuna kugwira wosamvetsera. "Ukanakhala iwe ukanabweza ndalamazo?" limayambitsa mkangano, ndipo mkangano ukakula wina amanena kuti sizinalembedwe choncho, n'kubwerera yekha m'buku kukafuna umboni.

Ana amenewa amajomba. Wina ali ku ganyu, wina akugulitsa mazira owiritsa, wina mwana wadwala. Chifukwa cha ichi phunziro lililonse liziima palokha, ndipo nkhani yopitirira ija iziyamba ndi wophunzira mmodzi kufotokoza mwachidule za dzulo. Wobwera mochedwa apeze kabuku kake pamalo ake, alowe mwakachetechete. Mukamubweza pakhomo kapena kumupatsa khasu, mwataya mphindi zimene munali nazo. Mayi wachitsikana aloledwe kuyamwitsa akuwerenga, mumutchule kuti "inu" ngati mmene anthu amamutchulira kunja, ndipo mupatseni timabuku ta ana tija kuti akawerengere mwana wake. Ndi njira yokhayo imene buku la Sitandade 1 limalowera m'manja mwa wamkulu popanda manyazi. Mnyamata amene ali ndi mng'ono wake kunyumba mungamupatse pa chifukwa chomwecho.

Ophunzira ndi makolo adzakufunsani za Chingerezi, ndipo ali ndi chifukwa: kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, ndipo ntchito zambiri zimachifuna. Musawakanize. Patulani mphindi zochepa za mawu a pa zikwangwani ndi pa foni. Koma kuphunzira kuwerenga ndi kuphunzira chinenero chachilendo pa nthawi imodzi ndi akatundu awiri pa mutu umodzi. Amene wadziwa kuphatikiza m'Chichewa amasamutsira luso limenelo ku Chingerezi.

Kuona ngati zikuyenda

Kwa wa mtundu wachiwiri, wowerenga mochedwa, tengani ndime ya mawu 60 mpaka 80. Lolemba awerenge kwa mphindi imodzi, muwerengetse mawu amene watchula molondola. Aibwereze ndi mnzake Lachiwiri ndi Lachitatu, Lachinayi muyesenso. Nambala ziwirizo azilembe yekha kumapeto kwa kope lake. Kupitirira kanayi pa ndime imodzi kumangokhala kuloweza, sinthani ina. Nambala zimenezi zisakhomedwe pakhoma, ndipo musaziyerekeze ndi miyezo ya Chingerezi imene mungapeze pa intaneti, popeza mawu a Chichewa ndi aatali. Nthawi zonse mufunseni funso limodzi la zimene wawerenga, apo ayi mudzapeza wothamanga ngati wolengeza mpira koma osamva kanthu. Ngati muli ndi foni, mujambuleni mawu mwezi woyamba, n'kumumvetsera pa yekha mwezi wachitatu.

Masiwiti, sopo ndi mabisiketi monga mphotho za kuwerenga zimagwira mlungu umodzi. Zikatha kuwerenga nakonso kumatha, ndipo ochenjera amaphunzira kutembenuza masamba osawerenga. Ngati pali sopo woti mugawe, gawirani onse osalumikiza ndi mabuku. Ndipo kuwerenga kusakhale chilango: woyambitsa phokoso musamuuze kuti tenga buku ukhale pakona.

Cha pa mlungu wachitatu kapena wachinayi chidwi chimatsika, chifukwa zachilendo zatha koma luso silinaonekere. Aphunzitsi ambiri amabwerera ku njira yakale panthawi imeneyi. Musasinthe ndondomeko, sinthani zowerenga: bweretsani sewero lalifupi la anthu anayi, aliyense ndi mizere yake yoti akonzekere masiku atatu, wosadziwa kwambiri atenge mbali ya mizere iwiri yobwerezabwereza.

Adzakhalapobe mmodzi kapena awiri okana zonse. Musalimbane naye pamaso pa anzake, chifukwa pamenepo sangagonje. Mupatseni udindo umene umamukakamiza kuyang'ana malembo popanda kuwerengera munthu: asunge kope lolembamo obwereka mabuku, azipachika mabuku pa chingwe potengera kadontho ka utoto, azigwira foni yowerengera mphindi. Kope lobwereketsalo mulikonze mwadala kuti likhale losavuta: mayina a anzake olembedwa kale m'malembo ooneka bwino kumanzere, mitu ya mabuku pamwamba, iye azingochonga pamene zakumana. Mlungu woyamba adzafunsa eni mayinawo kuti amulozere. Muloleni azifunsa, ndipo mayina atsopano muziwonjezera limodzilimodzi pansi pa mndandanda, osasintha malo a akalewo.